Chifiriji cha ku Banki ya Lekwa

Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse Puleng Sekete ankakadya kwa mng'ono wake Limpho ku Alberton. Nyama inkapsa bwino, koma nkhani nthawi zonse inkapserera. Wootcha nyamayo anali mwamuna wa Limpho, Khulekani Mabaso, munthu wamtali, woseka ndi mano onse, amene Mulungu anamupatsa nzeru zambiri koma n'kuiwala kumuikira chotsekera pakamwa. Iye ndi Puleng ankagwira ntchito yofanana m'mabanki awiri oyang'anizana pa msewu umodzi ku Sandton. Puleng ndiye anali mkulu wa makompyuta onse ku Banki ya Lekwa, ndipo Khulekani anali pa mpando ngati womwewo ku banki ya kutsidya kwa msewu. Pachilamu pamakhala nthabwala, izo tonse tikudziwa, koma nthabwala za awiriwa zinali ndi minga.

"Alamu, chifiriji chija chikadapuma?" anafunsa Khulekani tsiku lina akutembenuza soseji pamakala. "Ndamva kuti mwakagulanso china. Kodi ndalama zakuchulukirani kumeneko?"

Chimene ankachitcha chifiriji ndi kompyuta yaikulu ya banki, ija akatswiri amati menifulemu: chibokosi chakuda chotalika kuposa munthu, chokhala m'chipinda chozizira ku Randburg. Akaunti iliyonse ya Banki ya Lekwa inkakhala m'mimba mwa chinthu chimodzicho. Wina akatapa ndalama ku Giyani, wina n'kulandira malipiro ku Mthatha, zonse zinkalembedwa malo amodzi ndi dzanja limodzi. Chaka chimenecho makinawo anali atatopa, ndipo aliyense ankayembekezera kuti Puleng achita zimene ena ankachita: kuchitaya chifirijicho n'kumwaza ntchito yake pa timakompyuta tambirimbiri tolumikizana, tina kuno tina uko, tizigawana katundu. Puleng anakana. Anapita kwa akuluakulu a banki n'kupempha chifiriji china chatsopano cha mtundu womwewo, ndipo anaumirira mpaka anamugulira.

"Chikupuma, ndipo chakupatsani moni," anayankha Puleng akuika chakalaka, ndiwo za tsabola zija, m'mbale.

"Ife kwathu timakina tathu n'tosawerengeka. Kamodzi kakafa, tinzake timanyamula katundu wake. Mutu umodzi susenza denga, alamu. Ndi sukulu yonse munapita ija, zimenezi simunazimve?"

"Ndinazimva. Koma ndifunseko. Tsiku limene zidzavute, mudzaimbira ndani foni?"

"Tili ndi makampani asanu ndi awiri, akatswiri okhaokha. Ena a mawaya, ena a chitetezo, ena osunga maakaunti..."

"Ndiye ndikuti mwa onsewo mudzaimbira uti?"

"Aliyense ali ndi gawo lake."

"Ehe," anatero Puleng, n'kuluma soseji.

"Ausi, akulu anga, inunso bambo a Zinhle, tasiyani zimenezo," analowererapo Limpho. "Nsima ikuzizira apa. Makompyuta anuwo sadya."

Musaganize kuti Puleng anali mdani wa zatsopano. Zonse zooneka pafoni, zithunzi zokongola ndi mauthenga okopa makasitomala, anaziika pa timakina timeneti, ndipo tinkagwira ntchito yake bwino. Iye ankangoti zokongoletsa pakhomo zichuluke momwe zingathere, koma nkhokwe ya ndalama za anthu ikhale imodzi, ndipo woiyang'anira azidziwika dzina. Kunena zoona mayiyu analinso wouma mutu. Akanena kuti ayi, ngakhale mutabweretsa akatswiri a kunja ovala masuti onyezimira, mumangowononga tiyi. Ndipo ayi wakeyu anali wodula. Chifirijicho chinadya ndalama zoti munthu ukazimva umayamba wakhala pansi. Manyuzipepala a zamalonda anamuseka. Achinyamata omaliza sukulu sankafuna kuphunzira chilankhulo chakale cha makinawo, moti anachita kukawanyengerera yekha m'makoleji.

Kumapeto kwa Novembala, wapampando wa bodi, a Kritzinger, anamuitanitsa. Anali bambo wachikulire, wofiira nkhope, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Mme Sekete, sindikubisirani," anatero, pomutchula ndi liwu la kwawo kwa Puleng lotanthauza mayi. "Anzanga ambiri mu bodi akuti maganizo anu akalamba. Mu Januwale tikhala pansi tikambirane za mpando wanu. Pali dzina limene likutchulidwa."

"Dzina la ndani?"

A Kritzinger anangoponya maso pawindo, kutsidya kwa msewu.

"Mwamuna wa mng'ono wanga," anatero Puleng motsitsa mawu.

"Sanavomere. Koma sanakanenso."

Zinamupweteka kwambiri. Kuchotsedwa ntchito n'kowawa, koma kuchotsedwa kuti pakhale munthu amene umadya naye mbale imodzi kumawawa mwina. Anakumbukira soseji zonse zimene Khulekani anamuikira m'mbale akuseka, nkhaniyi ali nayo m'thumba. Anawongola msana.

"Chabwino," anatero. "Lachisanu lotsekera omanga mudzabwere m'chipinda changa mudzaone nokha. Munthu mmodzi yekha akadzalephera kulandira malipiro ake chifukwa cha makina anga, simudzavutika n'kundichotsa. Ndidzatuluka ndekha."

Aliyense amene anakhalapo ku Joni amalidziwa Lachisanu limeneli la pakati pa Disembala. Omanga onse amaika pansi zipangizo tsiku limodzi, mafakitale n'kutseka zipata mpaka chaka chatsopano. Malipiro a mwezi, bonasi, ndalama za tchuthi, zonse zimagwa nthawi imodzi, nawonso amayi a m'magulu osungira ndalama amakhala akutapa zawo kuti akagule mpunga ndi mafuta a chaka. Ikamakwana masana mzinda wonse umakhala ukuthamangira ku Park Station, kokwerera mabasi, ndi zikwama zamizeremizere pamutu. Puleng ankalidziwa tsikuli asanadziwe n'komwe kuti kompyuta n'chiyani. Bambo ake, Ntate Sekete, anali mmisiri woyala njerwa, ndipo chaka chilichonse iye ankakawadikirira pamsewu kwawo ku QwaQwa. Chaka china malipiro anachedwa. Basi inabwera n'kutsitsa abambo a ena, ake mulibe. Anadzafika Khirisimasi itadutsa, akuyenda ngati munthu wolakwa pamene sanalakwe kanthu. Nkhani imeneyi sankaiuza anthu a kuntchito.

Tsikulo litafika, a Kritzinger anatulukira m'mawa atavala kabudula, galimoto yawo ili panja itakoka kale bwato. Ankati angosuzumira pang'ono kenako ulendo wa kunyanja. Anawapatsa mpando kumbuyo kwa chipinda choyang'anira makina, mmene khoma lonse linali mawindo a kompyuta. Patsogolo panali Shireen Jappie, wachiwiri kwa Puleng, mayi wosalankhulalankhula, amene ankatafuna chingamu zinthu zikamayenda bwino n'kusiya zikavuta.

Mzere wosonyeza katundu wa makina unayamba kukwera. Makampani ankatumiza malipiro, anthu n'kumatapa, masitolo n'kumalandira makhadi. Chifirijicho chinkameza zonse popanda kutsokomola. A Kritzinger anamwa khofi, n'kuyamba kuyang'ana wotchi.

Dzuwa lisanafike paliwombo, Shireen anasiya kutafuna. Nyali ina pakona inali itafiira.

Zimene zinachitika zinadzadziwika pambuyo pake. Ku Midrand, anyamata okumba ngalande m'mbali mwa msewu ankathamangira kuti amalize asanaweruke, popeza nawonso mabasi ankawadikira. Chimakina chawo chokumbira chinakoka mtolo wonse wa mawaya apansi n'kuudula ngati chingwe cha mbatata. Mawaya amenewo ndi amene ankalumikiza nyumba zosungira makompyuta za ku Joni ndi za ku Centurion, ndipo mabanki onse awiri ankadzera momwemo.

"Ndiye kuti tafa?" anafunsa a Kritzinger ataimirira.

"Sitinafe," anayankha Shireen. "Waduka ndi waya wopita ku makina athu a ku Centurion. Ajawo ndi ongodikira, amakopera zimene chachikuluchi chalemba. Makasitomala amatipeza kudzera njira zina."

"Nanga chachikulucho chikagwa panopa?"

Puleng ankachita mantha, ndipo ankadziwa chimene akuopa: mpaka wayayo atalumikizidwa, banki yonse inali itaima ndi mwendo umodzi. Anatenga foni n'kuimba nambala imodzi yokha, ya injiniya wosamalira chifirijicho. Munthuyo sanafunse kuti vuto ndi la ndani, popeza panalibe wina woti amuloze chala. Anangoti ali m'njira, akakhala pambali pa makinawo mpaka madzulo. Ndipo chifirijicho chinapitiriza kulemba ngati sichinamve kanthu, chikusunga pambali zonse zodzatumiza ku Centurion waya akadzabwerera.

Kutsidya kwa msewu zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Timakina ta Khulekani tinali togawikana, theka ku Joni, theka ku Centurion. Waya ataduka, mbali iliyonse inaganiza kuti inzake yafa. Paja timakinato anatikonza kuti zoterezi zikachitika tizisankha mtsogoleri mmodzi, koma kampani iliyonse inatchera gawo lake mwa njira yakeyake. Tina tinaima n'kumadikira, tina tinapitiriza ntchito uku ndi uku. Mbali ina inkati Uje walipidwa, inzake ikuti sanalipidwe. Wina ankaoneka kuti walandira kawiri, mnzake wapabenchi lomwelo alibe olo senti. Khulekani sakanachitira mwina. Anatseka zonse kuti chisokonezo chisakule.

Anaitanitsa makampani ake asanu ndi awiri pa msonkhano wa pafoni. A mawaya anati waya si wawo, amachita kubwereka. Osunga maakaunti anati mbali yawo ili bwinobwino, afunsidwe olumikiza. Olumikiza anati iwo anachita monga mwa pangano, vuto lili kwa a chitetezo. Wa chitetezo anali pamsewu wa ku Durban ndi ana kumbuyo, foni ikumadukaduka m'mapiri. Onse anali anthu ophunzira, ndipo aliyense ankanena zoona za gawo lake. Kungoti panalibe amene gawo lake linali banki yonse.

Puleng anaima pawindo. Pakhomo pa banki ya kutsidyayo panayamba kusonkhana anthu ovala maovolosi abuluu, fumbi la simenti likadali m'nsapato, zikwama zili pansi. Sankachita phokoso. Ankangoyang'ana mafoni awo, n'kuyang'ana chitseko, n'kuyang'ananso mafoni. A Kritzinger anabwera pambali pake akumwetulira.

"Mwapambana, Mme," anatero.

Puleng sanasangalale. Pagulu lija panali bambo wina wachikulire wovala chipewa cha ulusi, atakhalira chikwama chake, ndipo maso a Puleng anakana kuchoka pa bamboyo. Kenako foni yake inalira.

"Alamu." Mawu a Khulekani analibe chiseko ngakhale pang'ono. "Madzi afika m'khosi kuno. Ndili ndi makampani atatu akuluakulu a zomanga amene malipiro awo atsekeredwa mwanga muno. Onse ali ndi maakaunti kwa inunso, ndipo avomera kulipira kudzera kwanuko. Anthu awo ambiri amasunga kwa ife, ndiye muyenera kuwatumizira pafoni, akatape pa makina anu ndi nambala yachinsinsi. Ndi anthu masauzande ambiri. Mabasi anyamuka madzulo ano." Anapuma kaye. "Kodi... chingasenze?"

Puleng anatseka foni ndi chikhatho n'kuwafotokozera a Kritzinger. Nkhope yawo inafiira kuposa kale.

"Musavomere," anatero. "Tili pa mwendo umodzi, ndiye musenzenso katundu wa eni? Zikavuta, olephera kulandira adzakhala anthu athu, ndipo mawu aja munanena nokha. Mwapambana kale. Ingokhalani phee."

Anali ndi mfundo, tisawanamizire. Puleng akanatha kupinda manja, n'kusiya mlamu wake amire yekha, mpando wake n'kukhala wotetezeka mpaka ukalamba. Anayang'ana kwa Shireen.

"Katundu ali pati?"

"Wangodutsa theka. Tikawonjezera awa afika pafupi ndi pakhosi, koma malo alipo."

"Ukutsimikiza?"

"Tinachiyesa mu Okutobala ndi katundu woposa ameneyu, Mme. Munatigoneka ndi njala sabata yonse, mwaiwala?"

Puleng anatembenukira kwa a Kritzinger. "Makina amenewa sindinawagulire kuti ndipambane mkangano wa pa nyama yootcha. Ndinawagulira tsiku ngati lalero. Zikavuta, mawu anga ndi omwe aja." Anachotsa chikhatho pafoni. "Tumizani, alamu. Firiji ndi yosungira za banja lonse."

Malipiro aja anayamba kulowa. Mzere unakwera, n'kukwera, mpaka unasintha mtundu. A Kritzinger anaiwala za bwato, anagwira kumbuyo kwa mpando wa Shireen ndi manja awiri. Mzerewo unafika pamwamba, unanjenjemera pamenepo kwa kanthawi kamene kwa Puleng kanali ngati chaka. Kenako unayamba kutsika pang'onopang'ono. Shireen anapisa m'thumba, n'kutulutsa chingamu china.

"Zonse zadutsa," anatero. "Palibe yabwerera."

Puleng anabwerera pawindo. Kutsidya kuja munthu wina anayang'ana foni yake n'kugunda mnzake ndi chigongono. Mnzakeyo anatulutsa yake. Posakhalitsa gulu lonse linali mitu pansi, kenako zikwama zinakwera pamapewa. Anayamba kuwoloka msewu, maovolosi abuluu okhaokha, magalimoto a mabwana a ku Sandton ataima n'kumawadikira. Wina anaimba likhweru, ena anayambitsa nyimbo ija amaimba pokweza zitsulo, ndipo mzere wa anthu unakhazikika pa makina otapira ndalama a Banki ya Lekwa mpaka kukhota pakona. Bambo wa chipewa cha ulusi uja anawoloka pomalizira, mosathamanga. Atatapa zake anaziika m'thumba la mkati, anamenyapo kawiri ndi dzanja, n'kulunjika kokwerera matekisi. Apa mpamene Puleng analira, osabisa, pamaso pa antchito ake onse, ndipo achinyamata aja anawanyengerera m'makoleji anaimirira n'kumuombera m'manja.

A Kritzinger anatola makiyi a galimoto yawo dzuwa litapendeka. Pakhomo anatembenuka.

"Msonkhano wa mu Januwale ulipobe, Mme Sekete," anatero. "Koma nkhani yake yasintha. Mudzabwere mudzatiuze zimene mukufuna, ife tidzangomvera."

Waya analumikizidwa mawa lake, ndipo chifirijicho chinatumiza ku Centurion zonse chinasunga zija popanda kusowa senti. Kutsidya kuja anadya Khirisimasi m'maofesi, akuyanjanitsa mbali ziwiri zija akaunti imodziimodzi. Makampani asanu ndi awiri aja, mmene ndikumvera, akukanganabe kuti wolakwa anali ndani.

Lamulungu loyamba la Januwale Puleng anapita ku Alberton monga mwa masiku onse. Khulekani anali pamakala, atawonda pang'ono, pakamwa patapeza chotsekera. Nyama yoyamba kupsa anaiika m'mbale n'kukampatsa Puleng ndi manja awiri.

"Za mpando wanu zija anandifunsadi," anatero. "Ndinati ndiganizire. Ndikanakuuzani, alamu. Pepani."

"Ndinadziwa kalekale," anayankha Puleng. "A Kritzinger sasunga chinsinsi, ali ngati inu nomwe."

Limpho anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndiye nonse awiri mumadya pano mukudziwa, ine ndekha ndili mumdima? Bambo a Zinhle, nkhani imeneyi tikambirana alendo akapita."

Puleng analuma nyama, anatafuna mosafulumira, kenako anamuyang'ana mlamu wake.

"Koma funso langa lija simunandiyankhebe. Tsiku lija zitavuta, munaimbira ndani?"

Khulekani anakanda m'mutu ndi chogwirira cha foloko.

"Ndinaimbira onse asanu ndi awiri," anatero. "Amene anayankha ndinu."

Timakina tija sitinali toipa, ndipo anthu ake sanali opusa. Koma pamene manja achuluka pa chinthu chimodzi, aliyense amayang'ana dzanja la mnzake, ndipo mvula ikabwera imapeza pogona posakonza. Akale amene sanaonepo banki kapena kompyuta anali atanena kale: mbewa zikachuluka siziika masa.